Maola a Dalaivala wa Thiraki ku Britain ndi Ufulu Woona Kaundula wa Bwana: Mafunso ndi Mayankho

Dalaivala wa thiraki ku Britain amayendera malamulo awiri a nthawi, ndipo onse awiri amagwira ntchito tsiku lomwelo, pa munthu yemweyo. Lina limawerenga maola amene manja ali pa chiwongolero pamodzi ndi maola opumula. Linalo limawerenga ntchito yonse: kuyendetsa, kupakira, kumanga malamba, kutsitsa, kusainitsa mapepala. Makalata amene afika ku pulogalamu ino kuchokera kwa omvera a ku England ndi Scotland akuonetsa kuti chisokonezo chimayambira pamenepa, poti munthu akhoza kukhala woyera pa lamulo lina koma wolakwa pa linzake. Makalata ena akudandaula za chinthu china, choti kaundula wa maolawo amakhala m'kompyuta ya bwana, ndipo mwini thukuta akapempha kumuona amangouzidwa kuti abwere mawa.

Funso. Bambo ena a ku Northampton, amene atenga kumene laisensi ya thiraki, akufunsa kuti munthu amaloledwa kuyendetsa maola angati. Akuti anzawo ku depoti akuwauza zosiyana, wina akuti 9, wina 10, wina 15.

Yankho. Manambala atatuwo alimodi m'lamulo, koma sakunena chinthu chimodzi. Lamulo la maola oyendetsa linachokera ku European Union, nambala yake ndi 561/2006, ndipo Britain itatuluka m'bungweli inalisunga m'malamulo ake. Limakhudza galimoto zonyamula katundu zimene kulemera kwake kololedwa, kuphatikiza ngolo yokoka, kumaposa matani 3.5.

Pa tsiku, maola oyendetsa ndi 9. Kawiri pa sabata akhoza kufika 10. Pa sabata imodzi asapitirire 56, ndipo pa masabata awiri ogundizana asapitirire 90. Nambala ya 56 imachokera pa masiku anayi a maola 9 ndi masiku awiri a maola 10. Amene wayendetsa 56 sabata ino watsala ndi 34 okha sabata yamawa. Kuwerengako sikuyambiranso pakatha masabata awiri ayi. Sabata iliyonse imaphatikizidwa ndi yam'mbuyo, n'kudzaphatikizidwanso ndi yam'tsogolo. Sabata ya lamuloli imayamba pakati pa usiku wolowera Lolemba n'kutha pakati pa usiku wa Lamulungu, ngakhale shifiti ya munthu itamayamba Lachitatu.

Munthu akayendetsa maola 4 ndi theka ayenera kupuma mphindi 45. Buleki imeneyi ikhoza kudulidwa pawiri, koma mwa njira imodzi yokha: mphindi zosachepera 15 poyamba, kenaka zosachepera 30. Amene wayamba ndi 30 n'kumaliza ndi 15 walakwa, ngakhale pophatikiza zikukwana 45, chifukwa chigawo chachiwiri ndicho chiyenera kukhala cha 30. Atsopano ambiri amagwera pamenepa. Ndipo nthawi ya buleki si yokankha mapaleti kapena kuthira mafuta.

Nambala ya 15 imabadwa mu mpumulo wa tsiku. M'maola 24 kuchokera pamene ntchito yayamba, muyenera kupezeka mpumulo wa maola 11 osadukiza, kutanthauza kuti shifiti yonse, ndi mabuleki omwe, ithere m'maola 13. Mpumulowu ukhoza kuchepetsedwa kufika pa maola 9, koma katatu kokha pakati pa mipumulo iwiri ya sabata, ndipo tsiku lotero shifiti ikhoza kutalika maola 15. Amene walowetsa khadi lake mu tachograph, makina olemba maola a m'thiraki, 5 koloko m'mawa aweruke pofika 6 koloko madzulo, kapena 8 koloko usiku ngati ndi tsiku lochepetsa. Palinso njira yodula mpumulo pawiri, maola 3 kenaka 9, pamodzi 12.

Maola 9 opumula amamveka ambiri pa pepala. M'menemo muli ulendo wochoka ku depoti, kusamba, kudya, kuona ana, ndi ulendo wobwerera m'bandakucha. Tulo tenitenito timatsala maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo munthu wogona chotero ndiye akakwere galimoto ya matani 44 pa msewu wa M1. Lamulo linaika masiku atatuwo ngati pothawira zikapanikiza. Kampani imene imakonza ndandanda yake podalira kuti dalaivala aliyense awamaliza onse atatu sabata iliyonse sikuphwanya lamulo, koma ikutha anthu ake pang'onopang'ono.

Funso. Mayi ena a ku Leeds alemba m'malo mwa amuna awo, amene amagona mumsewu sabata yonse. Akuti bambowo amafika kunyumba Loweruka madzulo n'kunyamukanso Lamulungu usiku, ndipo nthawi zina mapeto a sabata amawapeza ali m'thiraki kutali. Akufunsa ngati izi n'zololedwa.

Yankho. Mpumulo wa sabata wokwanira ndi maola 45. Wochepetsedwa ndi maola osachepera 24. Pa masabata awiri ogundizana payenera kukhala mipumulo iwiri yokwanira, kapena umodzi wokwanira ndi wina wochepetsedwa. Choncho kufika Loweruka madzulo n'kuchoka Lamulungu usiku n'kololedwa sabata imodzi, koma zikamachitika sabata ndi sabata pali cholakwika. Mpumulowu uyenera kuyamba pasanadutse masiku asanu ndi limodzi a maola 24 kuchokera pamene unathera mpumulo wa sabata wam'mbuyo.

Maola ochepetsedwawo ndi ngongole, ndipo ngongoleyi imabwezedwa. Amene wapuma maola 30 m'malo mwa 45 ali ndi 15 oti abwezeredwe. Abwezedwe onse pakamodzi, atalumikizidwa ku mpumulo wina wa maola osachepera 9, isanathe sabata yachitatu kuchokera pa sabata imene anachepetsedwayo. Mayiwa akhoza kutenga kalendala n'kumalemba ola limene amuna awo afikira ndi limene anyamukira. Pakatha mwezi zidzaoneka zokha ngati ngongoleyo ikubwezedwa.

Za kugona m'thiraki, mpumulo wa tsiku ndi mpumulo wa sabata wochepetsedwa akhoza kuchitikira m'galimoto, bola ikhale yoima ndipo ili ndi bedi loyenera. Mpumulo wokwanira wa maola 45 sukuloledwa kuchitikira m'galimoto. Ukapezera munthu kutali ndi kwawo, pafunika malo ogona abwino okhala ndi bafa ndi chimbudzi, ndipo wolipira ndi wolemba ntchito. Kampani iyeneranso kukonza ntchito mwakuti pa masabata anayi aliwonse dalaivala athe kubwerera kunyumba kapena ku depoti yake kukapumula.

Funso. Omvera ena a ku Manchester ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, kumene anasaina fomu yovomera kugwira maola oposa 48 pa sabata. Tsopano ndi dalaivala, ndipo apatsidwanso fomu yofanana nayo. Akufunsa ngati asaine.

Yankho. Fomu yotero ilibe mphamvu pa dalaivala wa thiraki. Antchito ambiri ku Britain akhozadi kusaina kuti malire a maola 48 asawakhudze, koma oyendetsa galimoto za tachograph ali ndi lamulo lawolawo, Road Transport Working Time Regulations la 2005, limene linayamba kugwira ntchito pa 4 April chaka chimenecho, ndipo m'menemo mulibe khomo lotulukira. Kuyambira mu May 2012 limakhudzanso madalaivala odzilemba okha ntchito.

Lamuloli limati maola ogwira ntchito, pa avereji, asapitirire 48 pa sabata. Averejiyo imatengedwa pa masabata 17, ndiye kuti maola 816 pa nyengo yonseyo. Pakakhala mgwirizano pakati pa kampani ndi antchito ake, kapena ndi bungwe lawo, nyengoyo ikhoza kutalikitsidwa kufika masabata 26. Popanda mgwirizano kapena chidziwitso china, nyengozi zimayamba Lolemba loyamba la April, la August ndi la December. Sabata imodzi payokha ikhoza kufika maola 60, osapitirira apo, ndipo amene wafika 60 ayenera kudzatsika masabata ena kuti avereji ibwerere pa 48.

Tchuthi sichigwiritsidwa ntchito potsitsa averejiyo. Masabata anayi a tchuthi cha lamulo, komanso masiku odwala, amawerengedwa ngati kuti munthu anagwira: maola 8 pa tsiku, 48 pa sabata yathunthu. Izi zinaikidwa dala, kuti bwana asamugwiritse munthu maola 60 kwa miyezi itatu n'kumutumiza ku tchuthi kuti masamu akwane.

Mabuleki a lamuloli amayang'ana ntchito yonse. Munthu asagwire maola oposa 6 osapuma. Tsiku la maola 6 mpaka 9 lifuna mphindi 30, loposa 9 lifuna 45, ndipo chigawo chilichonse chisachepere mphindi 15. Dalaivala wotsitsa katundu m'mashopu ambiri, amene amayendetsa pang'ono koma kunyamula kwambiri, lamulo la maola 6 limamupeza lija la maola 4 ndi theka lisanafike. Pa za usiku, amene wagwirako ntchito ina iliyonse pakati pa 12 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa asapitirire maola 10 a ntchito m'maola 24, pokhapokha pali mgwirizano wa antchito onse wosintha zimenezi.

Funso. Bambo ena amene kale ankayendetsa thiraki kuchokera ku Beira kudzera pa Mwanza, ndipo tsopano amanyamula makontena ku doko la Felixstowe, akufunsa za nthawi yodikira. Akuti kale akakhala masiku awiri pa chipata podikira mapepala panalibe woiwerenga nthawiyo. Kodi ku Britain imawerengedwa bwanji?

Yankho. Tachograph ili ndi zizindikiro zinayi: chiwongolero cha kuyendetsa, nyundo ziwiri zopingasana za ntchito zina, bedi la kupuma, ndi kabokosi kodulidwa mzere. Kabokosiko ndi ka nthawi yodikira, imene madalaivala amaitchula kuti POA. Nthawi imeneyi siwerengedwa pa maola 48 aja, komanso si mpumulo. Kuti ikhale POA yeniyeni, dalaivala ayenera kudziwiratu kuti adikira, ndi kuti adikira pafupifupi nthawi yotalika bwanji. Akauzidwa pa geti kuti kontena ituluka pakatha maola awiri, imeneyo ndi POA. Akakhala pa mzere umene umasendera mphindi zisanu zilizonse, phazi lili pa buleki, maso ali pa thiraki yakutsogolo, imeneyo ndi ntchito.

Apa ndi pamene pamabisala chinyengo chambiri. Ofesi ikaona kuti avereji ya munthu ikuyandikira 48, imamuuza kuti azikanikiza kabokosi paliponse pamene galimoto yaima, ngakhale akutsitsa katundu. Pa pepala munthuyo amaoneka ngati wagwira maola 46, pamene msana wake wagwira 58. Wokanikiza batani ndi dalaivala, ndipo khadi lili m'dzina lake. Bodzalo likadzaululika, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo. POA siitalikitsanso shifiti: malire aja a maola 13 ndi 15 amakhala pomwepo, kaya munthu wadikira maola asanu.

Funso. Mnyamata wina wa ku Leicester amayendetsa thiraki kudzera ku ejensi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka amagwira ganyu wina wosakhudza galimoto. Akufunsa ngati ganyuyo akuwerengedwa.

Yankho. Lamulo limati mpumulo ndi nthawi imene munthu ali womasuka kuchita zofuna zake. Tsiku limene wagwira ntchito kwa bwana wina, kaya ndi yosamalira okalamba, kaya ndi ya m'shopu, si mpumulo. Amene waweruka Lachisanu 6 koloko madzulo, n'kugwira ganyu Loweruka mpaka 4 koloko, n'kukwera thiraki Lolemba 5 koloko m'mawa, wapuma maola 37, osati 59. Ganyuyo alembedwe ngati ntchito ina, polowetsa pamanja mu tachograph pamene khadi likubwezeredwa, kapena polemba pa kapepala ka makinawo.

Pa lamulo la 2005, wolemba ntchito ayenera kufunsa dalaivala za maola amene wagwira ku kampani ina ya zamtengatenga, ndipo dalaivala ayankhe molemba. Kwa wa ejensi, udindo wosunga kaundula wa maola umagwera amene amamulipira, kawirikawiri ejensiyo. Achinyamata ambiri amabisa ganyu poopa kuchepetsedwa mashifiti, ndipo chifukwa chake n'chomveka, poti lendi ndi ndalama zotumiza kumudzi sizidikira. Koma ngozi ikachitika Lolemba m'mawa, apolisi amafufuza mmene munthu anathera mapeto a sabata, ndipo chobisikacho chimasanduka umboni womutsutsa.

Funso. Makalata atatu, ochokera ku Glasgow, Birmingham ndi Doncaster, akufunsa chinthu chimodzi. Olembawo anapempha ofesi kuti iwaonetse maola awo. Mmodzi anauzidwa kuti zimenezo ndi katundu wa kampani, wina kuti kompyuta yavuta, ndipo wachitatu anasiya kale ntchito, sakuyankhidwa n'komwe. Kodi ali ndi ufulu wotani?

Yankho. Ufuluwo ulipo, ndipo uli ndi zitseko zitatu zosiyana. Mawu oti kaundula ndi katundu wa kampani sachotsa udindo wopereka kope kwa mwini maola.

Chitseko choyamba ndi lamulo la tachograph, la nambala 165/2014. Galimoto zolembetsedwa kuyambira mu May 2006 zili ndi tachograph ya digito, imene imalemba zonse pawiri: m'makina a galimoto ndi pa khadi la dalaivala, limene limaperekedwa ndi DVLA, bungwe la malaisensi, n'kukhala zaka zisanu. Kampani iyenera kukopera za pa khadi pasanadutse masiku 28, ndi za m'makina a galimoto pasanadutse masiku 90, n'kuzisunga kwa chaka chimodzi. Lamulo lomwelo limati dalaivala akapempha, apatsidwe kope la zokopedwa pa khadi lake ndi la mapepala ake.

Chitseko chachiwiri ndi ndime 11 ya lamulo la 2005 lija. Wolemba ntchito ayenera kusunga kaundula wa maola ogwira ntchito kwa zaka ziwiri kuchokera pamene yathera nyengo imene kaundulayo akunena. Dalaivala akapempha, apatsidwe kope la maola ake, komanso makope a mapepala amene ali m'manja mwa bwana otsimikizira maolawo. Kaundula ameneyu ndiye amaonetsa avereji, ndiponso mmene POA inawerengedwera.

Chitseko chachitatu n'chachikulu kuposa zonse, ndipo ndi chimene chingathandize uja anasiya ntchito. Malamulo oteteza mbiri ya munthu, UK GDPR ndi Data Protection Act ya 2018, amapatsa aliyense ufulu wopempha zonse zimene kampani ikusunga zokhudza iye. Pempholi limatchedwa subject access request. Silifuna fomu yapadera, silifuna loya, kawirikawiri n'laulere, ndipo wopempha sakakamizidwa kunena chifukwa. Kampani ili ndi mwezi umodzi woti iyankhe. Pempho likakhala lovuta ikhoza kuwonjezera miyezi iwiri, koma iyenera kunena zimenezo mwezi woyambawo usanathe. M'menemo mungalowe za pa khadi, mataimushiti, malipoti a zolakwa amene ofesi imasainitsa, za makina olondola kumene galimoto ili pamene zikulozera dalaivalayo, ndi mauthenga amene akunena za iye. Kampani ikakana kapena kukhala chete, dandaulo limapita ku Information Commissioner's Office, ICO mwachidule.

Pempho la pakamwa n'lovomerezeka, koma mawu a pa windo la ofesi amauluka ndi mphepo. Imelo yaifupi ndiyo yabwino: dzina lonse, nambala ya khadi, masiku oyambira ndi othera, ndi mndandanda wa zofunikazo. Kope lisungidwe. Ndi bwino kupempha zinthu ziwiri, fayilo yeniyeni ya makina, imene nthawi zambiri dzina lake limathera ndi .ddd, komanso lipoti lowerengeka ndi maso, poti fayiloyo siitseguka popanda pulogalamu yake. Ndipo kupempha kuchitike msanga. Chaka chikatha kampani ikhoza kufufuta za tachograph popanda mlandu, ndipo khadi nalo likadzaza limayamba kulemba pamwamba pa masiku akale. Lamulo limangotsimikiza kuti lisunge masiku osachepera 28.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo pa nkhaniyi ananena zoona. Dalaivala akhoza kukhala ndi kaundula wakewake asanapemphe kwa wina. Poweruka, makina a m'thiraki amatulutsa kapepala ka tsikulo pongokanikiza mabatani ochepa. Kapepalako n'kofanana ndi risiti ya m'shopu, kamafufutika kakakhala padzuwa kapena m'thumba la jekete, choncho kajambulidwe pa foni tsiku lomwelo. Kulinso timakina totsika mtengo towerengera khadi pa kompyuta kunyumba. Kabuku kakang'ono kolembamo ola loyamba, ola loweruka, nambala ya galimoto ndi kumene inapita kamaoneka kachikale, koma pa mkangano wa maola munthu wa kabuku amalankhula mosadodoma.

Funso. Bambo ena a ku Luton akuti maola a pa pepala lawo la malipiro sakugwirizana ndi a pa kapepala ka tachograph. Tsiku lililonse pakuoneka kusiyana, ndipo akukayikira kuti akuberedwa.

Yankho. Chinthu choyamba kuona ndi wotchi. Tachograph imalemba nthawi ya UTC chaka chonse, pamene mawotchi a ku Britain amasunthidwa ola limodzi kutsogolo kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October. M'miyezi imeneyo, amene wayamba 6 koloko m'mawa adzaona 05:00 pa kapepala. Kusiyana kumeneku kumakhudza poyambira ndi pothera mofanana, kotero kuchuluka kwa maola sikusintha. Ngati kuchuluka kwenikweniko kukusiyana, nkhani ndi ina.

Tachograph siinapangidwire malipiro. Makampani ena amalipira shifiti yonse, ena amachotsa mphindi 45 za buleki, ndipo zimenezi zimalembedwa mu kontirakiti. Koma kuyambira mu April 2019, aliyense amene malipiro ake amasintha malinga ndi nthawi imene wagwira ayenera kuona chiwerengero cha maolawo pa pepala la malipiro. Mphindi zoyang'ana matayala, magetsi ndi malamba m'mawa ndi ntchito. Kudikira makiyi ku ofesi shifiti itayamba kale ndi nthawi ya bwana. Ngati khadi limalowa m'makina pambuyo pa zonsezi, nthawiyo ilowetsedwe pamanja, apo ayi imasowa pa kaundula aliyense.

Amene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti, maola onse akawerengedwa, malipiro ake akugwa pansi pa malipiro ochepetsetsa a boma, ali ndi njira ina ya mphamvu. Ndime 10 ya National Minimum Wage Act ya 1998 imamulola kulemba kalata yofuna kuona kaundula wa malipiro, kumukopera, ndi kubwera ndi mnzake womuperekeza ngati watchula zimenezo m'kalatamo. Bwana ali ndi masiku 14. Akalephera, bwalo la milandu ya pantchito likhoza kumulamula kulipira ndalama zokwana malipiro ochepetsetsa a ola limodzi kuchulukitsa ka 80. Kaundula wa mtundu uwu amasungidwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Funso. Omvera awiri ali ndi mafunso aafupi. Wina wataya khadi lake. Wina amayendetsa vani yaing'ono yoperekera maphukusi ndipo akufunsa ngati zonsezi zikumukhudza.

Yankho. Wotaya khadi apemphe lina ku DVLA pasanadutse masiku 7. Akhoza kuyendetsa popanda khadi kwa masiku osapitirira 15, akutulutsa kapepala poyamba ndi pomaliza tsiku lililonse, n'kulembapo dzina lake ndi nambala ya laisensi kapena ya khadi, n'kusaina. Kuiwala khadi kunyumba sikulowa m'gulu limeneli. Woiwala abwerere akalitenge.

Vani yosaposa matani 3.5 yoyenda m'dziko momwemo imayendera malamulo ena, a mu Transport Act ya 1968: maola 10 oyendetsa ndi maola 11 a ntchito pa tsiku. Ku Northern Ireland kuli malamulo akeake. Ufulu wopempha mbiri yake pansi pa UK GDPR wa vani ali nawo chimodzimodzi.

Funso. Kalata yotsiriza ikuchokera kwa bambo ena amene sanafune kutchula dera lawo. Akuti maola akawathera panjira, ofesi imawaimbira foni kuti angotulutsa khadi n'kumaliza ulendo, kapena alowetse khadi la mnzawo. Akuopa kuchotsedwa ntchito akakana, akuopanso kugwidwa akavomera.

Yankho. Mantha onse awiri ali ndi maziko, koma kulemera kwake n'kosiyana. Kupitirira maola ndi mlandu wa chindapusa. Kuyendetsa khadi litatulutsidwa dala, kugwiritsa ntchito khadi la munthu wina, kapena kusokoneza makina ndi maginito, ndi chinyengo, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka ziwiri m'ndende. Ntchito yotayika imapezekanso ina. Laisensi yolandidwa ndi mbiri ya kundende zimatseka zitseko zambiri, makamaka kwa munthu amene mapepala ake okhalira m'dzikomo sanakhazikike.

Oyang'anira malamulowa mumsewu ndi a DVSA pamodzi ndi apolisi. Dalaivala ayenera kuwaonetsa za tsikulo ndi za masiku 28 am'mbuyo. Kwa owolokera ku mayiko a European Union masikuwo tsopano ndi 56. Chindapusa cha pamsewu chimafika £300 pa cholakwa chimodzi. Kuyambira mu March 2018, a DVSA akhoza kulipiritsa zolakwa zisanu za m'masiku 28 apitawo pa kuimitsidwa kumodzi, ndiye kuti mpaka £1,500. Mlandu suola: zimene zinachitika masabata atatu apitawo pa msewu wa A14 zikhoza kudzalipiridwa lero pa M6. Akhozanso kuletsa galimoto kuyenda mpaka dalaivala atapuma.

Lamulo limalola kupitirira maola pa chifukwa chimodzi, chofuna kufika pamalo abwino oimapo pamene pachitika chosayembekezeka, monga ngozi imene yatseka msewu, bola kuteroko kusaike anthu pa chiswe. Akangoima, dalaivala atulutse kapepala n'kulemba chifukwa chake kumbuyo. Mwayi umenewu si wopulumutsira ndandanda imene inali yosatheka kuyambira m'mawa.

Mlandu suthera pa dalaivala yekha. Kampani ili ndi udindo wokonza ntchito yotheka m'maola ololedwa, ndipo imayankha pa zolakwa za madalaivala ake. Ndi yoletsedwanso kulipira mabonasi a mtunda kapena a kuchuluka kwa katundu mwa njira yolimbikitsa kuphwanya malamulowa. Eni katundu ndi maejensi nawo ayenera kuonetsetsa kuti nthawi zimene akupangana n'zotheka. A Traffic Commissioner ali ndi mphamvu yoimitsa kapena kulanda laisensi ya kampani yoyendetsera mathiraki, komanso yoitana dalaivala n'kumuimitsa.

Bambowa akalandira foni yotero, ayankhe ndi uthenga wolemba, wofatsa, wonena kuti maola atha nthawi yakuti ndipo aima pamalo akuti, n'kusunga uthengawo pamodzi ndi yankho lake. DVSA imalandira malipoti a makampani okakamiza madalaivala, ndipo munthu akhoza kupereka lipoti osatchula dzina. Wantchito wochotsedwa kapena kuzunzidwa chifukwa choulula zophwanya lamulo amatetezedwa ndi Public Interest Disclosure Act ya 1998, ndipo pa mlandu wotero safunika kukhala atagwira zaka zingapo pakampanipo. Mabungwe a antchito monga Unite ndi United Road Transport Union amaperekeza mamembala awo pa milandu ya ku ofesi. Asanapite ku bwalo la milandu ya pantchito, munthu amayamba wadziwitsa a ACAS, amene amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo kwaulere. Nthawi yokasuma ndi yaifupi. Kwa zaka zambiri malire akhala miyezi itatu kuchotsapo tsiku limodzi kuchokera pamene cholakwacho chinachitika, ndipo kudikira yankho la pempho la kaundula sikuimitsa masiku amenewo kuwerengedwa.